Kaitanidwe ka olankhula pa msonkhano wa opanga mawebusaiti ku Thyolo ndi ku Mulanje

Holo ikhoza kukhala yabwino, chakudya chokwana, koma ngati olankhula sanabwere, kapena abwera n'kumakamba zosakhudza omvera, anthu amabwerera kwawo akudandaula ndalama yoyendera. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhaniyi imavuta chifukwa akatswiri ambiri amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuti munthu asiye ntchito zake n'kukwera minibasi ya ku Luchenza, amafuna adziwiretu kuti akukalankhula kwa ndani, za chiyani, nthawi yanji, komanso kuti ulendowo alipira ndani. Malangizo awa ndi a komiti ya anthu anayi kapena asanu yomwe ikukonza msonkhano wa tsiku limodzi, wa anthu 40 mpaka 80.

1. Khazikitsani tsiku ndi malo musanauze aliyense

Yambani kukatsala miyezi inayi. Musaitane munthu ndi mawu akuti "cha mu Ogasiti muno". Wotanganidwa amangoyankha kuti "tionana", basi nkhani yathera pomwepo.

Posankha tsiku yang'anani nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Marichi mvula ya kuno sichita masewera, ndipo amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku milatho ndi misewu m'Marichi 2023 sangaike msonkhano m'miyezi imeneyi. Meyi mpaka Seputembala ndiyo nthawi yabwino, ngakhale chiperoni chimatha kuchedwetsa oyenda m'mamawa. Ngati mukubwereka holo ya sukulu, funsani za mayeso a MANEB. Ngati mukudalira ophunzira a ku MUST ku Ndata, onani kalendala yawo kuti musagundane ndi mayeso kapena tchuthi. Mu Okutobala pewani sabata ya Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, chifukwa galimoto ndi malo ogona zimakhala zodzaza.

Loweruka limaoneka losavuta, koma kumbukirani kuti dera lino lili ndi a Seventh-day Adventist ambiri, makamaka cha ku Makwasa kumene kuli Malamulo. Mukaika Loweruka mwasiya olankhula ndi omvera ena kunja. Mukasankha Lachisanu, siyani mpata masana kuti Asilamu akapemphere. Palibe tsiku lokomera onse, koma sankhani mukudziwa amene mukumutaya.

Yambani 9 koloko, tsirizani isanakwane 4 koloko kuti wopita ku Limbe, ku Muloza kapena ku Thekerani apeze galimoto kusanade. Maola amenewa, mukachotsapo tiyi ndi nkhomaliro, amakwana nkhani zisanu ndi imodzi za mphindi 25, iliyonse ndi mphindi 10 za mafunso, kuphatikizapo phunziro limodzi la mphindi 90 loti anthu agwire okha laputopu. Ndiye kuti mukufuna anthu 7. Osapitirira pamenepo.

2. Lembani mitu, mayina abwere pambuyo

Apa ndi pamene makomiti ambiri amasokonekera. Amayamba ndi kufunsa kuti wotchuka ndani, n'kumuitana kuti "adzayankhulepo chilichonse". Wotchukayo amabwera ndi masilaidi omwe anagwiritsa ntchito kwina, okamba za makampani a ku Ulaya, pamene amene akhala pa benchi ndi mnyamata wopangira webusaiti loji ya ku Likhubula, mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi, mphunzitsi wa kompyuta wa ku sekondale ndi ophunzira a chaka chachiwiri.

Khalani pansi mulembe mavuto amene anthu amenewa akukumana nawo sabata ino. Ambiri otsegula mawebusaiti athu ali pa foni yaing'ono ya Android, ndi bandulo ya tsiku limodzi, pamalo pomwe netiweki imabwera n'kumapita. Choncho nkhani ya kapeputsidwe ka tsamba ndi yofunika kuposa ya framework (zida zomangira webusaiti) yatsopano: kuchepetsa chithunzi cha 4MB chochokera mu kamera kuti chifike pansi pa 200KB, kuchisunga mu WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi yopepuka), kuchotsa kanema wongoyamba yekha, kuyesa tsambalo pa foni yeniyeni osati pa laputopu ya mu ofesi. Ina ndi ya kulandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, chifukwa makasitomala ambiri alibe khadi ya ku banki. Ina ndi ya webusaiti yopangidwa ndi pulogalamu ya WordPress imene yalowedwa ndi akuba chifukwa cha plugin (kapulogalamu koonjezera) yakale kapena theme (maonekedwe okonzeratu) yotengedwa mwachinyengo. Musaiwale nkhani za ndalama ndi mgwirizano: kutchula mtengo, kulandira theka ntchito isanayambe, kulembetsa domain (adiresi ya webusaiti) m'dzina la mwini bizinesi osati la wopanga, ndiponso amene adzalipire hosting (malo osungira webusaiti pa intaneti) chaka chamawa. Lamulo la Data Protection Act la 2024 likukhudza aliyense woika fomu yotolera mayina ndi manambala a foni, ndiye mutu umenewu ukufuna munthu wodziwa malamulo.

Mutu uliwonse ulembedwe m'chiganizo chonena zomwe womvera adzatha kuchita akamatuluka. "Za SEO" (njira zoti webusaiti izipezeka mosavuta pa Google) si mutu. "Momwe loji ya m'munsi mwa phiri ingaonekere pa Google Maps ndi pa Google popanda kulipira malonda" ndiye mutu.

3. Pezani mayina awiri pa mutu uliwonse

Pa malo 7 lembani mayina 14, kenaka onjezani anthu awiri a pafupi oti angalowe m'malo wina akalephera. Aphunzitsi ndi ophunzira omaliza a ku MUST ali pakhomo pomwe. Ku MUBAS ku Blantyre ndi ku UNIMA ku Zomba si patali. Bungwe la akatswiri a makompyuta la ICTAM, ndi malo othandiza achinyamata pa zaukadaulo monga mHub ya ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub, amadziwa anthu ambiri, ndipo akhoza kukulozerani ngakhale iwowo sangabwere.

Koma musayang'ane kutali kokha. Amene amasamala makompyuta ku esiteti ya tiyi, ku chipatala cha mishoni kapena ku khonsolo amadziwa bwino zomwe zimachitika magetsi akathima fomu ili theka. Mwini loji amene anapangitsa webusaiti kawiri chifukwa woyamba anathawa ndi password ali ndi zoti opanga mawebusaiti amve, ngakhale sadziwa kulemba code (malangizo olembera kompyuta). Pa anthu 7, atatu akhale a kuno.

Azimayi muwafunefune mwadala, ndipo muwayambirire. Mukadikira kuti abwere okha mudzapeza pulogalamu ya abambo okhaokha. Muwaitanire ku mutu umene amaudziwa, kaya ndi database (nkhokwe yosungira uthenga) kaya ndi kapangidwe ka maonekedwe a tsamba, osati kuwasungira kankhani ka "amayi pa zaukadaulo" ka kumapeto.

Musanalembe kalata, onani ntchito ya munthuyo. Tsegulani mawebusaiti amene anapanga, funsani amene anamumvapo akulankhula. Katswiri wina amalemba code yabwino koma pagulu mawu samveka. Ameneyo mumupatse phunziro logwira laputopu, amachita bwino kumeneko.

4. Gwirizanani za ndalama kalata isanatuluke

Nkhani ya alawansi yapasula misonkhano yambiri, osati chifukwa ndalama inachepa, koma chifukwa palibe amene anaitchula. Woitanidwa anazolowera misonkhano ya mabungwe komwe envelopu imakhalapo. Inu mulibe. Nenani poyera.

Komiti igwirizane zinthu zinayi: ndalama yoyendera, chakudya, malo ogona kwa ochokera kutali, ndi kangachepe kothokoza ngati kalipo. Wochokera ku Blantyre akhoza kubwera m'mawa n'kubwerera madzulo. Wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu afunika kugona, mwina mausiku awiri, ndiye msonkhano waung'ono ungakwanitse mmodzi yekha wotere. Yoyendera muiwerengere pa mtengo wa minibasi kupita ndi kubwerera, kuphatikizapo kabaza wochokera pa siteji. Wobwera pa galimoto yake mugwirizane naye malita a mafuta, osati ndalama, chifukwa mitengo imasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabajeti olembedwa mwezi umodzi m'mbuyo anasanduka mapepala chabe. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti ya olankhula ngati yodzitetezera, ndipo mufunsenso mitengo kukatsala sabata imodzi.

Kampani ikathandiza ndi ndalama n'kupempha mpata wolankhula, ipatseni mphindi zisanu zotsatsa malonda, zolembedwa choncho pa pulogalamu. Musaigulitse imodzi mwa nkhani zisanu ndi imodzi zija.

5. Lembani kalata yonena zonse

Amene akumudziwa munthuyo ayambe ndi kumuimbira foni kapena kumulembera pa WhatsApp, kenaka tsiku lomwelo itsatire kalata ya imelo. Foni imatsegula khomo, kalata ndi imene munthu amaonetsa abwana ake. Ikhale yaifupi, yotha kuwerengeka pa foni, chonchi:

"Okondedwa Mayi Uje,

Ndife komiti yokonza msonkhano wa opanga mawebusaiti a ku Thyolo ndi ku Mulanje, umene udzachitike Lachisanu pa deti yakuti, ku holo yakuti, ku Luchenza. Tikuyembekezera anthu pafupifupi 60: ophunzira, achinyamata odzilemba okha ntchito ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono.

Tinaona webusaiti imene munapangira sukulu yakuti, ndipo imatseguka mwachangu ngakhale netiweki ili yofooka. Tikupempha kuti mudzatifotokozere momwe mumachitira zimenezi, kwa mphindi 25, kenaka mafunso mphindi 10, nthawi ya 10:30 m'mawa. Mukhoza kulankhula Chichewa, Chingerezi kapena kusakaniza.

Tidzakubwezerani ndalama yoyendera kuchokera ku Blantyre tsiku lomwelo kudzera pa foni, ndipo nkhomaliro ilipo. Alawansi ina palibe, chifukwa msonkhanowu ndi wongodzipereka.

Chonde tiyankheni pofika deti yakuti. Ngati simungathe, tiuzeni yemwe mukuona kuti angakambe mutuwu."

Chiganizo chotchula ntchito yake ndicho chimagwira munthu, chifukwa chimaonetsa kuti kalatayo siinatumizidwe kwa anthu 30 nthawi imodzi. Ulemu usasowe. Mphunzitsi wa ku yunivesite mumulembere "a Dokotala" kapena "a Pulofesa" ngati ali choncho, ndipo ngakhale mnzanu wa m'kalasi, m'kalata ndi "inu". Pa foni mungati "achimwene" kapena "achemwali" monga mwa nthawi zonse.

Wogwira ntchito m'boma, ku banki kapena ku yunivesite nthawi zambiri sangachoke tsiku la ntchito popanda chilolezo. Mufunseni ngati akufuna kalata yopita kwa abwana ake, ndi dzina la udindo woti ilembedweko. Makalata otere amayenda pang'onopang'ono, ndiye atuluke kukatsala miyezi itatu.

Perekani masiku 10 oyankhira. Pa tsiku lachisanu kumbutsani kamodzi. Akadutsa masikuwo ali chete, lembani kuti mwamvetsa kuti atanganidwa, n'kupita kwa wachiwiri pa mndandanda. Musaitane anthu awiri pa mutu umodzi nthawi imodzi. Onse akavomera mudzachita manyazi.

6. Siyani malo awiri a odzipereka okha

Malo awiri mwa 7 muwatsegule kwa aliyense. Konzani fomu yaifupi pa Google Forms yofunsa dzina, nambala ya foni, kumene akuchokera, mutu, ziganizo zitatu za zomwe omvera adzaphunzire, ndi ntchito imodzi yoti muione. Ifalitseni m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ikhale yotsegula masabata atatu. Posankha, mmodzi wa komiti abise mayina, enawo awerenge mitu yokha. M'dera laling'ono ngati lathu aliyense ndi mlamu wa wina, ndipo njira imeneyi imachepetsa miseche. Osasankhidwa muwayankhe onse, ndipo abwinoko muwapatse mphindi zisanu aliyense madzulo kuti aonetse zomwe apanga.

7. "Ndibwera" ya pa WhatsApp si kubwera

Anthu athu savutika kunena "chabwino, palibe vuto", chifukwa kukana pamaso kumaoneka kupanda ulemu. Ndiye kuvomera kwenikweni muzikuyeza ndi zochita. Pasanathe sabata atumize mutu womaliza, mizere itatu yomufotokoza, ndi chithunzi. Amene watumiza zimenezi ndiye wavomera. Musaike dzina la munthu pa chikwangwani asanatumize, ndiponso asanaone momwe mwalembera dzina ndi udindo wake.

Wolankhula aliyense akhale ndi munthu mmodzi wa komiti womusamala kuyambira pano mpaka adzakwere galimoto yobwerera. Anthu atatu akamamuimbira munthu mmodzi, aliyense ndi nthawi yake, amasokonezeka.

Kukatsala masabata anayi, muimbireni kwa mphindi 15 mukambirane zomwe wakonza. Muuzeni za omvera: kuti theka sanalembepo JavaScript (chilankhulo cholembera code ya mawebusaiti), kuti ambiri alibe laputopu, kuti mafunso adzabwera m'Chichewa ndipo ena akuluakulu amamasuka m'Chilomwe. Mawu a ntchito ngati hosting ndi server asawavutikire kumasulira, koma kufotokoza kwake kukhale m'chilankhulo chimene wa kumbuyo akumva. Mukamva kuti nkhani yonse ikulowera ku kampani yake, muuzeni pomwepo, mwaulemu, kuti silaidi yomaliza yokha ndiyo ya malonda.

Amene akulankhula pagulu koyamba amafuna chisamaliro chapadera, ndipo ndi amene msonkhano wa kumudzi uyenera kuwakulitsa. Kumanani naye kukatsala masabata awiri, alankhule nkhani yonse pamaso pa anthu atatu, wotchi ili patebulo. Kawirikawiri mudzapeza masilaidi 40 pa mphindi 25, zilembo zazing'ono, ndi mphindi 10 zoyamba zothera pa mbiri ya intaneti. Muthandizeni kudula mpaka masilaidi 15, ayambe ndi vuto lenileni, ndipo code iliyonse yoonetsa isapitirire mizere 10 ya zilembo zazikulu zowerengeka kuchokera ku benchi yomaliza.

Funsaninso chilolezo cholembedwa ngati mukufuna kujambula kanema kapena kugawa masilaidi. Wina amaonetsa ntchito ya kasitomala yosayenera kufika pa YouTube.

8. Zipangizo: yesani ngati kuti magetsi ndi netiweki kulibe

Masilaidi onse afike kukatsala masiku asanu, mu PDF komanso mu PowerPoint, ndipo muwaike pa laputopu imodzi ndi pa flash. PDF imasunga maonekedwe a zilembo, ndipo chilembo ngati ŵ sichisanduka kabokosi pa kompyuta ina. Kusinthasintha malaputopu kumadya mphindi zisanu pa munthu aliyense, ndiye aloledwe okhawo oonetsa code.

Pitani ku holo muone pulojekita ndi maso. Yambiri ya m'masukulu ili ndi polumikizira chingwe pakale pa VGA, pamene malaputopu atsopano ali ndi polumikizira pa HDMI kapena USB-C basi. Gulani kapena bwerekani ma adapter onse awiri, muwayese. Onani ngati mawindo ali ndi makatani, chifukwa dzuwa la 11 koloko limafufuta chithunzi pa khoma. Jenereta kapena inverter ikhalepo, mafuta ogulidwa dzulo lake, ndipo jenereta iikidwe patali kuti isapikisane ndi wolankhula. Pulojekita ikazima mwadzidzidzi imatenga kanthawi kuti iyakenso, choncho kuilumikiza ku UPS (batire logwirizira magetsi akathima) kumathandiza.

Woonetsa webusaiti ikugwira ntchito asadalire netiweki ya mu holo. Anthu 60 akayatsa mafoni pamalo amodzi, netiweki imene inali bwino dzulo imagwada. Aiyendetse pa laputopu yake yomwe, komanso ajambuliretu kanema wa mphindi ziwiri woonetsa zomwezo. Wophunzitsa phunziro la mphindi 90 abweretse mapulogalamu onse pa ma flash anayi kapena asanu. Kuuza anthu 30 kuti achite download nthawi imodzi ndi kutaya ola lathunthu. Hotspot ikhale ya mizere iwiri, Airtel ndi TNM, ya wolankhula yekha.

Wa kunja kapena wa ku Lilongwe amene sangabwere ajambule nkhani yake n'kutumiza kukatsala sabata. Muionetse kuchokera pa laputopu, kenaka mumuimbire pa WhatsApp, mawu okha, kuti ayankhe mafunso kudzera pa sipika. Wotere akhale mmodzi pa tsiku. Anthu sanalipire minibasi kuti adzaonere kanema.

9. Sabata yomaliza ndi tsiku lenileni

Kukatsala masiku atatu tumizani uthenga umodzi wokhala ndi zonse: malo pa Google Maps, siteji yotsikira, nthawi yofika, nthawi yake yolankhula, nambala ya womusamala. Muuzeni njira, chifukwa wopita ku Mulanje kuchokera ku Limbe akhoza kudzera Midima kapena kuzungulira ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, ndipo minibasi imadikira kudzaza. M'miyezi ya chiperoni mukumbutseni juzi. Wochokera kutali musamuike woyamba. Nkhani yoyamba ikhale ya munthu wa pafupi amene akhoza kufika wapansi kapena pa kabaza.

Madzulo a dzulo lake imbani foni kwa onse. Maliro ndi matenda sizipangana ndi munthu, ndipo wina mwa 7 akhoza kulephera. Apa ndi pamene awiri osungira aja amagwira ntchito, koma akhale oti anauzidwa kale kuti ndi osungira ndipo masilaidi awo muli nawo. Ngati onse alephera, itanani olankhula atatu akhale kutsogolo ayankhe mafunso a anthu kwa mphindi 30.

Ngati mwaitana mlendo wolemekezeka, kaya ndi a DC, a mfumu kapena mkulu wa sukulu, muwauze mphindi zawo m'kalata, ndipo mugwirizane kuti akachedwa pulogalamu iyamba, iwo adzalankhula akafika. Kudikira mlendo mpaka 11 koloko kumaba nthawi ya olankhula onse, ndipo wovutika ndi womaliza, amene amalankhula anthu akutuluka kuthamangira galimoto.

Wosunga nthawi akhale kutsogolo ndi mapepala atatu olembedwa 10, 5 ndi 1. Muuzeni wolankhula aliyense za mapepalawa asanayambe kuti asadzaone ngati mwamunyoza. Woyendetsa mwambo afunse katchulidwe ka dzina, amufotokoze m'ziganizo ziwiri, ndipo akhale ndi funso lake lokonzeka, chifukwa anthu amachita manyazi kuyamba. Akamva wina akuyamba "ndemanga" yaitali m'malo mwa funso, adule mwaulemu. Pa tebulo pakhale botolo la madzi, ndi mabatire ena a maikolofoni.

Ndalama yoyendera iperekedwe nthawi ya nkhomaliro, asainire, ndipo mukatumiza pa foni muonjezere yochotsera. Munthu asachite kukufunafunani madzulo kuti apeze yokwerera.

10. Msonkhano ukatha

Pasanathe masiku atatu tumizani uthenga wothokoza wotchula chinthu chimodzi chimene anthu anatolapo, zithunzi zake ziwiri kapena zitatu, ndi kalata yosainidwa yotsimikiza kuti analankhula. Kwa wophunzira kapena wofuna ntchito kalata imeneyi imalowa mu CV. Masilaidi a amene analola muwaike pamalo amodzi, muwachepetse kukula kuti asadye bandulo, n'kutumiza link ku gulu. Mu uthenga womwewo funsani wolankhula aliyense mayina awiri a anthu oti adzaitanidwe ulendo wina, ndi mutu umene aliyense angakambe, ndipo mlembi awalembe m'buku la komiti pamodzi ndi manambala awo.